Achemwali Anga ndi Boyila ya Nthunzi

Tayerekezani kuti kwacha tsiku wamba, Lachiwiri kapena Lachitatu, dzuwa lisanatuluke bwino. Muli kuseri kwa hotela, kumbali yomwe alendo safikako, komwe kumakhala migolo ya zinyalala ndi mapaipi otuluka m'khitchini. Pali kachitseko kachitsulo, ndipo mukakakankha mukupeza kachipinda koti anthu awiri sangatembenukiremo. Mkatimo mwagwada mayi wa zaka makumi anayi ndi zingapo, wavala ovololo yabuluu yopinda miyendo, ndowa ili pakati pa mawondo. Akutsegula kampopi kapansi pa bokosi lachitsulo lokhomedwa kukhoma, ndipo madzi otuwa akutsikira m'ndowamo. Mukam'patsa moni akuyankhani osatembenuka, mwinanso osakuyankhani n'komwe.

Amenewo ndi achemwali anga, oyamba kubadwa kwathu. Pahotelapo ankawatchula kuti a Sipanala. Bokosi lija ndi boyila. Imawiritsa madzi, nthunzi yake n'kudutsa m'paipi kukatulukira kuseri kwa khoma, m'chipinda chamatailosi momwe anthu amakhala atangodzimanga mathaulo kuti atuluke thukuta. Achemwali ankasamalanso mapampu a dziwe losambiramo ndi magetsi a m'makonde, koma chimene chinatsala pang'ono kuwachotsetsa ntchito ndi boyila imeneyi.

Ndisaname kuti anali munthu wosavuta. Ine ndaphunzitsa ana zaka zambiri, ndinazolowera kubwereza chinthu kasanu osakweza mawu. Iwo ankanena kamodzi, ukafunsanso ankakuyang'ana ngati wawaponda chala. Tili ana anamasula wailesi ya bambo kuti aone chimene chinkalankhula mkatimo, ndipo atakwapulidwa sanalire, anangodandaula kuti awasokoneza asanamalize kuimanga. Kusukulu ya ntchito zamanja anali mkazi yekha m'kalasi ya zamagetsi. Anzawo ankawabisira zida, aphunzitsi ankawatuma kukaphika tiyi ena akuphunzira. Ndikhulupirira kuti n'kumeneko kumene anatengera kalankhulidwe kawo kaja, kokhala ngati akukhoma msomali.

Madzi a pahotelapo ankachokera pachitsime chawochawo, ndipo akawira ankasiya makoko oyera ngati aja a m'ketulo yakale. Makokowo akakuta elementi, chitsulo chopindika chomwe chimatenthetsa madzi m'boyila, elementiyo imapsa. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse achemwali ankakhuthula madzi ogona, kutsuka thanki, n'kudzazamo ena. Pakutha pa mwezi ankazula elementi n'kuiviika m'mankhwala osungunula makoko, kenako n'kupala timitengo tachitsulo tomwe timayeza kuchuluka kwa madzi mpaka titawala.

Analinso ndi chizolowezi china chomwe anzawo ankachiseka. Akatha zonse ankavundikira ndowa, kukhalapo, n'kumangomvetsera. Boyila ili ndi swichi yaikulu yomwe imalira kuti kha ikamayaka, khanso ikamazima. Chimene chimailamula ndi kachitsulo kena kakang'ono ngati chala, komwe amati sensa, kali pakhoma mkati mwa chipinda cha nthunzi. Chipinda chikatentha mokwanira sensa imauza boyila kuti ipume, chikazizirako imaidzutsanso. Achemwali akamva kha kawiri katatu m'nthawi yake, ankanyamuka kupita kumapampu, pamenepo n'kuti 6 koloko itakwana ndipo makasitomala akulowa.

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi palibe elementi yomwe inapsa m'manja mwawo. Kenako zinapsa ziwiri m'miyezi iwiri.

Nthawi imeneyo n'kuti kutabwera manijala watsopano, bambo wa jekete yothina ndi mafuta omveka iye asanafike. Awiriwa anadana tsiku loyamba lomwe. A manijala anawapeza achemwali atanyamula bokosi la zida ndipo anawafunsa kuti amuna awo, eni ntchitoyo, afika nthawi yanji. Achemwali anayankha kuti amuna awo ndi telala, ngati a bwana akufuna kukulitsa jekete akhoza kuwaitanira. Anthu a pa lisepushoni anaseka, ndipo a manijala sanaiwale.

Elementi ikapsa, ina inkachita kuitanitsidwa kutali, chipinda n'kukhala chotseka sabata ziwiri. Amene ankalusa kwambiri anali makasitomala a m'mawa. Kuyambira 6 koloko mpaka 8 koloko inali nthawi ya abambo, ndipo lamulo la hotela linkati nthawi imeneyo mkazi aliyense, ngakhale wantchito, asadutse chitseko cha kumbali yawoyo. Ankabwera akuluakulu asanu kapena asanu ndi mmodzi, amimba zawo, ndipo wolongolola kwambiri anali wina amene anayamba kubwera chaka chomwecho. Ankatchedwa a Injiniya chifukwa kale ankayang'anira ntchito yomanga misewu. A Injiniyawa anauza a manijala kuti iwo makina amawadziwa, ndipo amene akupha boyila ndi mayi wa mawaya uja. Anati makina sasambitsidwa tsiku ndi tsiku ngati khanda, ndipo hotela yaulemu wake imalemba mwamuna ntchito yotere.

Itapsa elementi yoyamba achemwali analandira kalata yochenjeza. Itapsa yachiwiri analandira ina, ndipo m'munsi mwake munalembedwa kuti yachitatu idzakhala yowachotsa ntchito. A manijala anawalamulanso kuti asiye kukhuthula thanki m'mawa. Achemwali anati asiya, bola a bwana alembe lamulolo papepala n'kusainira, kuti boyila ikadzadza makoko adziwike mwini nzeruzo. Pepalalo silinabwere, ndipo iwo anapitiriza kukhuthula.

Lamlungu lina masana anafika kwanga ndili kuchonga makope a ana. Sanakhale pansi. Anatulutsa m'thumba chinthu chokulunga m'nyuzipepala n'kuchiika pamwamba pa makopewo, mwaye wake n'kudetsa kope la mwana wina wolemba bwino kwambiri. Inali elementi yachiwiri ija.

"Iwe mphunzitsi, paja umati umaona zolakwa za anthu. Taona apa."

Ndinati sindikuona kanthu, koma kuti yapsa.

"Yapsa pati?"

Ndinaloza pamwamba, pomwe chitsulocho chinapindikira. Panali potupa ndi pong'ambika, koma m'munsi monse munali moyera, mopanda khoko ndi limodzi lomwe. Anandifotokozera, mosaleza mtima monga mwa nthawi zonse, kuti elementi yophedwa ndi makoko imapsa paliponse, koma yopsa pamwamba pokha ndiye kuti inatsala pamtunda madzi atatsika. Tsono boyila siyenera kuyaka madzi akatsika, timitengo toyeza tija timaizimitsa. Timitengoto anali atatiyesa, tinali bwino. Valavu yolowetsa madzi anaimasula, sefa anaitsuka, mawaya anawatsata limodzilimodzi ndi mita yawo yoyezera magetsi, ngakhale sensa anaiyesa masana chipinda chili chopanda anthu. Chilichonse chinkayankha bwino, ndipo ndi chimenecho chinkawapsetsa mtima.

Ine, pofuna kuthandiza, ndinati mwina akanangopita kukalankhula ndi a manijala modzichepetsa, kapena kuyamba kufunsira ntchito kwina zinthu zisanafike poipa.

"Ndikapepese chiyani? Ndaotcha ndine? Akandichotsa sadzanena kuti boyila inavuta. Adzati mkazi uja zinamukanika. Ndiye kwinako ukunenako, andilemba ndani?"

Anakulunga elementi yawo n'kumapita, tiyi amene mkazi wanga anawaphikira osamukhudza.

Elementi yachitatu inafika, anaimanga Loweruka. Lolemba m'mawa anachita chinthu chimene anali asanachitepo: 6 koloko itakwana sanapite kumapampu. Anakhalabe pandowa paja, wotchi ili m'manja. Kuseri kwa khoma ankamva abambo aja akulowa, akutsokomola, akukangana za mpira. Swichi inkalira m'nthawi yake, kha, pakapita mphindi zingapo kha. Chapama 6:20 inalira kuyatsa, ndipo sinalirenso. Zinadutsa mphindi khumi, kenako makumi awiri. Bokosi linayamba kunjenjemera, madzi mkatimo akubwadamuka ngati akufuna kuphulitsa chivundikiro.

Pamenepo anamvetsa theka la nkhaniyo. Madzi a pachitsime aja akawira osapuma amachita thovu. Thovulo limakwera n'kukhudza timitengo toyeza, boyila n'kumaganiza kuti thanki yadzaza pomwe madzi enieni atsika, elementi n'kutsala pamtunda ikuyaka. Anazimitsa magetsi ndi dzanja kwa mphindi zisanu kuti thovu litsike. Kuseri kwa khoma kunamveka kumenya matailosi ndi mawu otukwana amene sindingawalembe pano.

Theka linalo ndi limene linawasowa. Boyila yosapuma ndiye kuti sensa ikuiuza kuti chipinda chikadali chozizira. Koma sensayo masana inkagwira bwino ntchito. Chinachake chinkachitika m'chipindamo nthawi ya abambo yokha, nthawi imene iwo sankaloledwa kulowamo.

Anayamba ndi bambo wokolopa kumbali ya abambo, kum'pempha kuti angosuzumira pakhoma pomwe pali sensa. Bamboyo anati m'nthunzi simuoneka kanthu, komanso iye ali ndi ana oti adye, sangamakasuzumire mabwana ali maliseche chifukwa cha a Sipanala. Achemwali anapita kwa a manijala, n'kuwapempha kuti alowemo okha chapama 6:30. A manijala anali atalandira kale dandaulo la a Injiniya. A manijalawo anati iwo sangakazonde alendo awo chifukwa cha maloto a makaniko, ndipo achemwali akadzayerekeza kuzimitsanso nthunzi anthu ali mkati, kalata yachitatu sidzadikira kuti elementi ipse.

Lachiwiri zinachitikanso chimodzimodzi, nthawi yomweyo. Achemwali anazimitsa kwa mphindi imodzi yokha, kuyatsa, kuzimitsanso, mobisa ngati wakuba, mtima ukuwawawa kuti akuchita kubera makina awo omwe.

Amene anawatsegula maso ndi mayi wochapa zovala. Awiriwa sankamwerana madzi chiyambire pomwe achemwali anawalalatira chifukwa chokoka simbi ndi chingwe pozula pasoketi. Koma masana a tsiku limenelo anakumana pa mapaipi kuseri kuja, ndipo mayiyo, osayang'ana achemwali, anayamba kudandaulira mphepo. Anati mabwana ena alibe chisoni ndi manja a anthu. Mathaulo onse ochokera kunthunzi amabwera ofunda, koma pali limodzi m'mawa uliwonse limabwera lomanga mfundo, lozizira ngati lachokera m'firiji, ndipo mfundoyo imathyola zikhadabo pomasula. Anawonjezera kuti bambo wa kubala watopa kufunafuna kachidebe kake ka ayezi, kamene masiku ano kamapezeka m'chipinda chovulira cha abambo. Achemwali sanathokoze. Anangofunsa kuti zimenezi zinayamba liti, ndipo mayiyo anati miyezi itatu yapitayo, mwina kupitirirapo pang'ono.

Lachitatu m'mawa njira zonse zinali ndi kalata kumapeto kwake. Akazimitsa boyila, kalata. Akaisiya, elementi ipsa, kalata. Akalowa kwa abambo aphwanya lamulo la hotela, kalatanso. Anakhuthula thanki monga mwa masiku onse, kukhala pandowa, kudikira. Chapama 6:20 swichi inalira kuyatsa. Anawerenga mphindi khumi, sinalirenso. Anatenga sipanala yaikulu n'kutuluka, boyila akuisiya ikuyaka.

Sanadzere kuseri. Anadzera kutsogolo, pa lisepushoni, nsapato zawo zantchito zikusiya madontho pakapeti, n'kukaima pakhomo la ofesi ya a manijala, omwe anali atangofika kumene.

"Bwana, ine ndikulowa kwa abambo. Ngati mukufuna kundigwira, nditsateni."

Sanadikire yankho. A manijala anawathamangira m'khonde monse akuwaopseza chapansipansi kuti alendo asamve: ayerekeze, aone, lero lomwe atuluka pageti. Achemwali anakankha chitseko cha chipinda chovulira, kudutsa mabenchi ndi nsapato za eni ake, n'kukagogoda ndi sipanala pachitseko chagalasi cha chipinda cha nthunzi.

"Odi kumeneko. Dzimangeni mathaulo, ndikuwerenga mpaka khumi."

Anawerengadi mokweza, osathamanga. Mkatimo munamveka phokoso la anthu odzuka mwadzidzidzi, wina akufunsa kuti ndani ameneyo, wina akuti ndi wamisala uja. Atafika pa khumi anatsegula.

Kutentha kumene kunatuluka kunawabweza a manijala phazi limodzi, magalasi awo a maso n'kuchita chifunga. Achemwali analowa ataweramitsa mutu, maso ali kukhoma, osayang'ana munthu. Ankadziwa pomwe pali sensa ngakhale atatsinzina. Anapapasa n'kugwira chinthu chonyowa, chozizira. Linali thaulo lomangidwa mfundo mozungulira sensayo, lotupa ngati chithumba. Anakoka mfundoyo, ndipo timiyala ta ayezi tinagwera pamatailosi n'kumwazikira kumapazi a abambo aja.

Kenako kuseri kwa khoma kunamveka kha, ndipo nthunzi inasiya kutuluka m'paipi.

"Mwaimva, bwana? Yapuma. Imafuna kupuma kuyambira kalekale."

A Injiniya ndiwo anayamba kupeza mawu. Anali atakhala pabenchi yapamwamba, thaulo atagwirizira pamimba ndi manja awiri.

"Mayi, mulibe manyazi? Kwanu amuna amalowereredwa chonchi?"

"Manyazi ndawasiya m'bokosi la zida, bambo. Thaulo ili n'landani?"

A Injiniya sanakane. Anati ndi lawo, ndipo palibe cholakwa. Kulikonse kumene anayendako anthu odziwa amachita zimenezi, chifukwa makina amenewa amawatchera kuti azitulutsa kankhungu kongosangalatsa ana, pomwe iwo amabwera kudzafuna nthunzi yeniyeni. Anati akanakhala makaniko weniweni, boyila ikanapirira. Anzawo aja anavomereza, ena akuti mayiyu achotsedwe lero lomwe, wina akuti akauza mkazi wake kuti hotela ino yafika potumiza akazi kudzaona amuna akusamba. Mmodzi yekha, wachikulire kuposa onse, anatuluka mwakachetechete akugwira khoma, n'kukakhala pabenchi panja akupumira m'mwamba.

Achemwali sanakangane nawo. Anafinya thaulo lija, kulipinda, kuliika m'khwapa, n'kuuza a Injiniya kuti misewu yawo mwina inkapirira, koma iwo aotcha maelementi awiri ndi ayezi wa kubala. Atatero anatuluka.

Musaganize kuti a manijala anapepesa. Muofesi anakalipa kwa theka la ola, jekete ili yonyowa kumsana, kuti achemwali achititsa manyazi hotela, aphwanya lamulo pamaso pawo, ndipo kalata yachitatu ailemba pompo. Achemwali anawasiya amalize. Kenako anati alembe, palibe vuto, iwo atenga kalatayo pamodzi ndi ziwiri zija, maelementi awiri opsa ndi thaulo, apite nazo kwa mwini hotela. Akafotokoza kuti Lolemba anapempha a bwana kuti alowe okha m'chipindamo ndipo a bwana anakana. Akafunsanso kuti mkulu uja anatuluka akugwira khoma akanakomokera mkatimo, kalata ikanalembedwa kwa yani.

A manijala anangosewera ndi cholembera, osalemba kanthu. Chimene chinatuluka muofesimo pomaliza ndi ichi: makalata awiri oyamba anachotsedwa m'faelo, ndipo m'malo mwake munalowa imodzi yatsopano, yochenjeza achemwali chifukwa cholowa kumbali ya abambo. Iwo anaisainira osatsutsa. Anandiuza pambuyo pake kuti imeneyo yokha ndiyo inali yoona, analowadi.

Sabata yomweyo anamangira sensa kachikopa kachitsulo kosalala, kobooka timabowo, kopanda pokolekera kanthu. Podziwa kuti munthu wofuna nthunzi sasowa nzeru zina, anamanganso kawotchi m'kachipinda kawo kaja, koti boyila ikayaka mphindi khumi ndi zisanu osapuma izizima yokha, sensa ifune isafune. Kiyi wa kachipindako anali ndi iwo okha.

A Injiniya anapitiriza kubwera, ndipo sanawapatsenso moni achemwali mpaka kalekale. Akakumana m'khonde ankauza anzawo mokweza kuti abise mathaulo, apolisi afika. A manijala ankatumizira achemwali mauthenga kudzera mwa anthu ena kwa zaka ziwiri zonse zimene anakhala pahotelapo. Bambo wokolopa uja anayamba kufotokozera anthu kuti iye anali ataona kale thaulolo, kungoti sanafunsidwe bwino. Achemwali nawo sanafewe. Nditawapempha kuti adzalankhule kwa atsikana a m'kalasi mwanga, omwe ena mwa iwo manja awo amayabwa akaona waya, anati iwo alibe nkhani yokamba kwa ana. Ndiwauze ndekha kuti asamazule pulagi pokoka chingwe. Ndinawauzadi, pamodzi ndi zina zonsezi.

Achemwali anagwira ntchito pahotelapo mpaka atapuma chifukwa cha msinkhu, ndipo amene analowa m'malo mwawo anam'phunzitsa okha, mokalipa. Elementi yachitatu ija inatha zaka zisanu ndi ziwiri isanasinthidwe.